Bishopu Akadali Chilili

Mzere wachitatu wa golide, wosokera pamkono wa yunifolomu, unakhala m'dirowa ya Maud Tolhurst zaka zinayi, wokulungidwa m'pepala lofewa pansi pa mipango ya m'manja. Anaugula ku Portsmouth mu 1917, mnzake wina atamutsina khutu kuti chaka chimenecho dzina la mwamuna wake silingalephere kutuluka. Silinatuluke. Kawiri pachaka, kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala, nyuzipepala inkalemba mayina a asilikali apanyanja amene akwezedwa, ndipo kawiri pachaka Maud ankayendetsa chala pamayinapo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, kenako n'kudzuka kukatereka madzi a tiyi. Mwamuna wake, Hedley Tolhurst, sankafunsa. Ankangomvera phokoso la ketulo.

Ntchito ya panyanja sinyengerera munthu. Ukakhala zaka zakutizakuti uli ndi mizere iwiri ndi theka pamkono osapatsidwa wachitatu, amakuthokoza bwinobwino n'kukuonetsa njira ya kumtunda. Kwa Tolhurst mndandanda wotsiriza unali wa Juni 1921. Ndipo kumtunda analibeko kanthu. Mwana analibe, dimba samalidziwa, kutchalitchi ankawodzera. Chimene ankadziwa m'moyo wake wonse chinali chimodzi: kukhala pansi pa madzi.

Anali mwana wa dokotala wa ku Petersfield, munthu wamtali, wowerama pang'ono ngati onse amene akhalitsa m'maboti apansi pa madzi, wosakonda kuyankhula. Analowa m'mabotiwa mu 1904 ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pamene ambiri ankati munthu wamutu wabwino sangalowemo. Atakatsanzika kwa mkulu wa chisitima chankhondo chimene ankagwiramo ntchito, mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye mwati mukupita kwa amakanika osasamba aja?"

"Inde, bwana."

"Takulakwirani chiyani ife, a Tolhurst? Kapena ndi sopo amene mukuthawa?"

Onse anaseka chikhakhali. Tolhurst anasekerera nawo, chifukwa ndi mmene munthu wamng'ono amachitira, koma mumtima anali atatopa ndi kuyang'anira anthu akupukuta mkuwa wopukuta kale. Iye ankakonda injini.

Za sopozo mkulu uja sananame kwenikweni. Boti lake loyamba linali chitini cha anthu khumi ndi mmodzi, chopanda posamba, chopanda pogona, chimbudzi chake ndowa. Linkayendera petulo likakhala pamwamba, ndipo fungo la petulo, mafuta, thukuta ndi ndowa ija linkalowa m'malaya, m'tsitsi, m'buledi amene. Pamene ankafunsira Maud, mayi a mtsikanayo ankamulandira ndi ulemu wonse, koma jekete yake ankaikoleka panja pa chingwe, ngakhale kukugwa mvula.

M'masiku amenewo boti lililonse linkayenda ndi mbewa zoyera zitatu m'kakhola ka waya, kokolekedwa pafupi ndi injini. Nzeru yake inali yosavuta. Mpweya ukayamba kuipa, mbewa poti n'kanthu kakang'ono kamayamba kugwa ndiko, munthu asanamve kalikonse. Ukaona mbewa yagona chagada, kwera msanga pamwamba pa madzi, tsegula chivindikiro. Buku la malangizo linkatero, ndipo Tolhurst anali munthu wa buku.

Woyang'anira mbewazo anali mmalinyero wina wa msinkhu wake, Silas Mudge, wamfupi, wokamwa pakamwa, mwana wa msodzi wa ku Emsworth. Mbewa zinkafa n'kumasinthidwa, koma panali imodzi yaimuna imene inkangokhalabe. Inanenepa mpaka kumayenda modzikoka, ndiye amalinyero anaitcha Bishopu. Ankaidyetsa tchizi, nyenyeswa za bisiketi, nthawi zina buledi woviika mu mowa wawo wa ramu.

"Taonani mimbayo! Ameneyu ndiye amadya za kaputeni."

"Musiye iwe, akukupemphererani nonsenu. Ukuganiza kuti boti lakuthali likuyandama chifukwa cha nzeru zako?"

Tsiku lina m'chilimwe cha 1906 anatuluka kukayeserera kumira chakufupi ndi Isle of Wight. Mbewa ziwiri zinali zitafa sabata lathalo, zatsopano zisanabwere, moti m'kakhola munali Bishopu yekha. Penapake paipi ya petulo inkadontha, munthu osadziwa. Atakhala pansi maola awiri, Mudge anabwera akutikita pachipumi.

"Bwana, mutu ukundiwawa. Si ine ndekha."

"Kaone mbewa."

Mudge anapita, n'kubwera. "Akudya, bwana."

"Ndiye vuto ndi mowa wa dzulo. Bwerera pamalo ako."

Kumbuyo ku injini kunali Percy Gadd, munthu wofatsa amene anali atangokwatira kumene. Anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi uku akuseka yekha. Petulo amatero, amaledzeretsa asanagwetse. Anzake anamuseka. Kenako Gadd anakweza mawu, lilime likulemera.

"Bishopu wagwa, bwana?"

Tolhurst anasuzumira yekha m'kakholamo. Mbewa inali itakhala tsonga, ikupukuta ndevu ndi timanja.

"Ayi, Gadd. Akadali chilili."

Nyimbo inapitirira kanthawi, kenako kunangoti zii. Anamupeza atagwa pakati pa injini ndi khoma, milomo itada. Pamene ankakwera, n'kutsegula chivindikiro, n'kumukokera kunja ndi chingwe m'khwapa, ena atatu anali atakomokanso. Atatuwo anatsitsimuka pomwepo. Gadd anatsitsimuka patapita masiku awiri, koma mutu wake sunagwirenso.

Dokotala amene anamuona anafunsa kuti mbewayo yakhala nthawi yaitali bwanji m'boti. Atamva kuti zaka ziwiri, anavula magalasi.

"Ndiye mumayembekezera chiyani? Inazolowera imeneyo. Mukanafa nonse iyo ikudya tchizi."

Akuluakulu anakhala pansi, anafunsa mafunso, n'kupeza kuti Lefitenanti Tolhurst anatsata buku mzere ndi mzere. Sanamudzudzule ngakhale pang'ono. Icho ndiye chinamuwawa kuposa chilango, chifukwa analibe poti n'kulipira mlanduwo kuti uthe.

Gadd anachotsedwa ntchito. Mkazi wake ankachapa zovala za anthu, ndipo m'mawa uliwonse ankamuperekeza pa benchi ya pokwerera pantoni kwathu ku Gosport, n'kumuveka mpango m'khosi, n'kumusiya kuti aziona sitima. Sankavutitsa munthu. Koma akangoona Tolhurst akudutsa ankaimirira njo, kupereka sawatcha, n'kufunsa funso lomwe lija.

"Bishopu wagwa, bwana?"

"Ayi, Gadd. Akadali chilili."

Akamva choncho ankagwedeza mutu mokhutira, n'kukhala pansi. Njira ina yofikira kudoko inalipo, yozungulira, koma Tolhurst sanaidzerepo n'kamodzi komwe. Zaka khumi ndi zisanu, nthawi iliyonse akakhala kumudzi, ankadutsa pabenchipo n'kuyankha yankho lomwelo.

Petulo anatha, kunabwera injini za dizilo, mbewa zinachotsedwa m'maboti. Kunabwera nkhondo. Anthu amaganiza kuti nkhondo ya pansi pa madzi ndi kuphulika kwa mabomba tsiku ndi tsiku, koma zambiri zinali kudikira. Kudikira m'nyanja yozizira ya kumpoto, madzi akudontha kudenga n'kumagwera m'khosi, masokosi osauma mwezi wathunthu, diso limodzi lili pa paipi yosuzumira, kuyang'ana nyanja yopanda kanthu. M'zaka zinayi Tolhurst anaponya topido, bomba loyenda m'madzi, katatu, n'kugunda kamodzi. Anzake amene anayamba nawo limodzi, ena anatchuka m'nyuzipepala, ambiri anangotuluka padoko m'mawa wina osabwereranso, ndipo mabedi awo ankapatsidwa ena sabata lisanathe. Iye ankabwerera. Ankabwerera wotopa, ndevu zili nyankhalala, n'kugona masiku awiri, n'kupitanso.

Mbiri imene anatenga inali ya mapapo. Boti likakhala pansi tsiku lonse mpweya umatha mphamvu, anthu amapuma wefuwefu ngati athamanga, mutu umalemera, munthu amalephera kuphatikiza ziwiri ndi zitatu. Koma Tolhurst, pa ola la khumi ndi chisanu ndi chitatu, ankangoima pamalo ake manja kumbuyo, n'kufunsa ngati kulibe tiyi. Amalinyero ankanyadira.

"Wathuyu ndi nsomba, si munthu."

"Ukatopa, ungoyang'ana mdalayo. Iye akaima, ndiye kuti mpweya ulipo."

Iye ankazimva zimenezi ndipo, kunena zoona, zinkamukomera. Munthu wopanda mendulo amagwira chimene ali nacho.

Kunyumba nkhondo yake inali ya mawindo. Maud ankatsegula, iye n'kumatseka, akuti mphepo ikumulasa. Tsiku lina chumuni inatsekeka ndi mwaye. Maud pochokera kumsika anapeza chipinda chonse chili utsi tolotolo, mphaka akulira pakhomo, mwamuna wake ali phee pampando akuwerenga nyuzipepala.

"Hedley! Inu! Mukufuna kufa?"

"Chachitika n'chiyani?"

"Simukuona utsiwu? Simukumva?"

Anakweza mutu, kununkhiza, n'kunena kuti mwina ulipodi pang'ono. Maud anatsegula mawindo onse uku akutsokomola, misozi ili chuchuchu, ndipo sizinadziwike ngati inali ya utsi wokha.

Nkhondo itatha, sitima zinayamba kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo anthu a mizere iwiri ndi theka anachuluka kuposa mipando. Kumayambiriro kwa Juni 1921 mkulu wa gulu lawo la maboti anamuitana. Anali munthu wabwino ndithu, anayamba ntchito pambuyo pa Tolhurst n'kumupitirira.

"Ndikuuzeni mosabisa, a Tolhurst. Dzina lanu ndalitumiza kasanu. Kumtundako akuti, munthuyu wachitapo chiyani chooneka? Tsopano sabata la mawa kuli zoyeserera zazikulu kumpoto. Sitima zonse zidutsa pamalo anu. Mukafika pafupi ndi ya mkulu wa onse osaonedwa, n'kuiponyera topido yoyeserera, kalata ndikalemba ndi dzanja langa, ndipo palibe angakane. Koma mukangotulutsa mutu ndege zikuonani, basi mwafa."

"Ndamva, bwana."

"Kudikira ndiye ntchito yanu. Palibe amakuposani."

Boti lake tsopano linali lokalamba, la anthu makumi atatu, ndipo ulendowu anamuwonjezera amalinyero ena asanu ndi atatu oti aphunzire ntchito. Silas Mudge anali nayebe. Anali atachita dazi, mano ena atachoka, ndipo tsopano ndiye anali mkulu wa amalinyero onse m'botimo, wogwira chiwongolero. Pakamwa pokha ndi pamene sipanakalambe.

Anamira mbandakucha. Sitimazo zinayenera kudutsa masana, koma chifunga chinazichedwetsa kutali, iwo osadziwa. Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Kumpoto m'chilimwe dzuwa sililowa msanga, ndipo ndege inkangozungulirabe pamwamba. Tolhurst analamula kuti aliyense wopanda chochita agone pansi asamayankhule. Iye anaima pa paipi yosuzumira, kukweza, kuyang'ana, kutsitsa.

Cha m'ma seveni madzulo anaona utsi chakumadzulo, kenako timitengo ta sitima, tambiri. Mtima unagunda ngati wa mnyamata. Anawerengera mwachangu: mphindi makumi anayi, mwina makumi asanu, ya mkulu idzadutsa pamphuno pake penipeni.

"Bwana, mawu pang'ono."

Anali Mudge. Anali atasiyira wina chiwongolero, ataima pafupi, akugwira paipi ya kudenga kuti asagwe. Mawu ankatuluka awiriawiri.

"Osati pano, a Mudge. Zafika."

"Ndaona nkhope yanu, ndadziwa kuti zafika. Koma taonani ichi."

Anatulutsa bokosi la machesi, n'kukhwatcha kamtengo kamodzi. Kanangoti phethi, n'kuzima. Anakhwatcha kachiwiri, chimodzimodzi.

"Machesi onyowa amenewo," anatero Tolhurst. "Takhalapo pansi kuposa apa, inu ndi ine."

"Tinali makumi atatu, bwana. Lero tili pafupifupi makumi anayi, ndipo enawa mapapo awo ndi a kumtunda."

"Wadandaula ndani?"

"Palibe."

"Wakomoka ndani?"

"Palibe, bwana."

"Nanga? Ine sindikumva kalikonse."

Mudge anapuma katatu asanayankhe. Anayandikira kuti ena asamve.

"N'chifukwa chake ndabwera. Sakudandaula chifukwa akuyang'ana inu. Ndadutsa kumbuyoko, wina milomo yada bii, ndamufunsa uli bwanji, akuti ndili bwino, kaputeni akadali chilili." Anagwiritsitsa paipi ija. "Mundikhululukire, bwana, mundichotse udindo mukafuna. Koma wa m'kakhola uja ine ndinkamudyetsa ndi dzanja langali, ndikumudziwa. Mwasanduka Bishopu."

Munthu wina aliyense akanayankhula choncho kwa kaputeni akanagona m'chitokosi. Tolhurst anamva magazi akukwera kumutu. Anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma maso ake anapita kumbuyo kwa Mudge, m'kanjira kopapatiza kopita ku injini. Anthu anali ngundangunda pansi, zifuwa zikukwera n'kutsika. Palibe anagona tulo. Maso onse, ofiira, otopa, anali pa iye, monga mmene kale onse ankaponyera diso pa kakhola ka waya akamadutsa. Ndipo kutali kumbuyoko wina anali kung'ung'udza kanyimbo chapansipansi, mosalongosoka.

Anabwerera pa paipi, n'kuyang'ananso. Sitima zinali kubwera bwino, m'mizere iwiri, yaikulu ija ili pakati, mbendera ikupepeluka. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za masokosi onyowa zinali kubwera kudzamulipira, zatsala mphindi makumi atatu ndi zisanu. Mwina palibe akanagwa. Mwina akanagwa mmodzi yekha n'kutsitsimuka. Buku linali kumbali yake, chifukwa panalibe wokomoka, panalibe wodandaula. Anadzifufuza m'thupi kuti amve ngati mutu ukuwawa, ngati chifuwa chikubanika, kuti thupi limuuze zoona. Thupi silinamuuze kanthu. Linali bwinobwino, ndipo apo ndi pamene anachita mantha.

Anatsitsa paipi pang'onopang'ono.

"A Mudge, bwererani pa chiwongolero. Tikwere."

Wachiwiri wake, mnyamata wa mizere iwiri, anadzuka nkhope ili yodabwa. "Bwana, sitima zija..."

"Ndaziona. Tikwere."

Anatulukira poyera, dzuwa likuwala, ndege ili pamutu pawo. Sitima yaing'ono yoperekeza inawathamangira, nyale yake ikuphethira uthenga. Wowerenga mauthenga anauwerenga mokweza: "Mwafa. Zikomo potipeputsira ntchito." Patapita theka la ola chisitima cha mkulu chinadutsa pafupi kwambiri moti ankaona anthu ovala zoyera atatsamira m'mbali, akuloza chitini chakuda chimene amuna ake anali atagwada m'mphepete akusanza. Anthu awiri anachita kuwanyamula kuwatulutsa, koma anatsegula maso mphepo itawawomba, ndipo mayina awo ankawadziwa. Tolhurst anaima pamwamba, manja kumbuyo. Mpweya wabwino wa panyanja ndiwo unamuzunguza mutu, mpaka anagwira chitsulo.

Mkulu wa gulu lawo sanakalipe. Anangokhala kuseri kwa tebulo akutembenuza cholembera.

"Panakomoka munthu musanakwere?"

"Ayi, bwana."

"Injini? Mabatire?"

"Zonse zinali bwino."

"Inuyo munamva kuti mpweya waipa?"

"Ayi, bwana. Sindinamve kanthu."

"Ndiye ndilembe chiyani, a Tolhurst? Ndithandizeni. Munakwereranji?"

Tolhurst anayang'ana pawindo. Munthu angafotokoze bwanji za mbewa imene inafa kalekale, kwa akuluakulu a ku London? Dzina la Mudge sanalitchule.

"Lembani kuti ndinaona kuti n'koyenera."

Kumapeto kwa mwezi Maud anayendetsa chala pa nyuzipepala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ulendo uno sanabwereze. Anatereka madzi, kenako anakwera kuchipinda, n'kutsegula dirowa. Mzere wa golide uja anaudula pakati ndi sizasi, n'kumangira makatani a pabalaza kuti mawindo azikhala otsegula. Mwamuna wake anaona, ndipo sanatseke.

Anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anayesa kuweta nkhuku, zinafa. Anayesa kugulitsa mafuta a galimoto pamalo a mlamu wake ku Fareham, anaona kuti fungo likumukumbutsa zambiri. Pomaliza ankangokonzera anthu mawotchi ndi makina osokera, osalipiritsa, n'kumayenda m'mphepete mwa doko manja kumbuyo. Sanadandaulepo, komanso sindinganame kuti anasangalala. Anali munthu wotopa amene ankadzuka m'mawa chifukwa kwacha.

Koma amene anali pokwerera pantoni tsiku limene anasiya ntchito amakumbukirabe. Kunali kamvula kowaza. Anatsika atavala suti ya anthu wamba yomuthina m'mapewa, chikwama m'manja, Mudge akumutsatira ndi bokosi la mabuku. Gadd anali pa benchi yake, tsitsi litachita imvi, mpango uli m'khosi. Anamuzindikira ngakhale analibe yunifolomu. Anaimirira njo, dzanja pachipumi.

"Bishopu wagwa, bwana?"

Tolhurst anaima. Anaika chikwama pansi pamatope.

"Wagwa, Gadd."

Dzanja la Gadd linatsika pang'onopang'ono. Nkhope yake, imene inakhala yosalala zaka zonsezo, inachita makwinya ngati ya munthu amene akukumbukira ntchito yofunika. Anamugwira mkono mwamphamvu.

"Ndiye tikwere, bwana! Tikwere msanga, anthu angafe!"

"Takwera, Gadd," anatero Tolhurst. "Onse atuluka. Ulendo uno takwera nthawi yabwino."

Gadd anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupumira m'mwamba, n'kukhala pansi. Tolhurst anakhala pambali pake pa benchi yonyowayo, ndipo Mudge anaima potero ndi bokosi lake, akuyang'ana kumbali.